Mabatire Omwa Tiyi

Pa esiteti ya tiyi ija ili kuseri kwa phiri, mukapatuka pamsewu wa ku Makwasa, panali munthu amene ankadziwa kuti batire lakwiya pongolinunkhiza. Anali a Crispin. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akusamala mabatire a mafokolifiti, timagalimoto tija timanyamula matumba a tiyi m'nyumba yosungiramo katundu pafakitale. Ndipo musaganize za kabatire ka wailesi ayi. Awa ndi zimabatire zoti amuna khumi sangasunthe, zokhala ndi tizipinda tambirimbiri tofuna kuthiridwa madzi akeake, madzi oyera ochokera m'zigubu, osati a pamjigo.

Mabatirewo analipo atatu, lililonse m'fokolifiti yake, ndipo a Crispin ankawatchula mwaulemu ngati akuluakulu a mpingo: a Nambala Wani, a Nambala Thuu ndi a Nambala Firii. M'mawa uliwonse ankawapatsa moni m'Chilomwe, kuwapukuta, n'kusuzumira m'kachipinda kalikonse ndi tochi. Akazi awo, mayi Fainess, ankadandaula poyera kuti, "Ine mwamunayu ndimagawana ndi amitala atatu, ndipo onsewo ndi olemera kuposa ine."

Tsono mavuto anayamba pamene mabatire awiri anafa motsatizana, asanakwanitse ndi theka la zaka zimene amayenera kukhala. Kampani inagula atsopano, koma nawonso posakhalitsa anayamba kufooka dzuwa lili pamutu. Mukudziwa mmene pakamwa pa anthu pamakhalira. Wina anangoti, "Kaya madzi aja amalowadi m'mabatire?" Mawa lake nkhani inali yoti a Crispin amagulitsa madzi a mabatire kwa amakaniko a pa Bvumbwe, n'kumasiya mabatire a kampani ali gwaa ndi ludzu. Pofika Lachisanu, ena anali atawaona kale ndi maso awo atamangirira zigubu panjinga. Bodza lenileni! Zigubu zimene zinkakwera njinga ya a Crispin zinali za thobwa.

Nkhaniyo inafika kwa bwana Gordon, manijala wa fakitale, munthu wa ku Lilongwe amene ankayenda ndi makiyi ambiri kuposa zitseko za esiteti yonse. Anawaitanitsa a Crispin ku ofesi.

"Sindikunena kuti ndinu wakuba," anatero bwana Gordon, mwa mawu a munthu amene akunena zomwezo. "Ndaitana katswiri wa ku Blantyre. Adzaika timakina pamabatire, tomanena tokha chilichonse pafoni: madzi, kutentha, katchajidwe, zonse. Tidikira mwezi umodzi. Tikapeza kuti mabatire amagona ndi ludzu, a Crispin, tidzatsanzikana."

A Crispin anatuluka mu ofesimo. Kunali kutatsala miyezi isanu ndi itatu kuti apume pantchito. Ankafuna kudzachoka pamalopo ngati munthu, anzawo akuwaimbira nyimbo pachipata, osati kutulutsidwa ngati mbava ya madzi. Ya madzi, abale! Munthu kuba ng'ombe timamva, koma kukalamba ndi dzina loti anaba madzi?

Katswiri uja anabwera Lolemba, ndipo a Crispin atamuona mtima unawawa kawiri. Iwo ankayembekeza chimunthu cha mimba ndi ndevu zaimvi. Amene anatsika m'galimoto anali mtsikana wochepa thupi, wa ovolosi ya buluu, dzina lake Tikhala, kwawo ku Kasungu. Anagwada pang'ono powapatsa moni.

"Bambo, ndamva kuti mabatirewa ndi ana anu. Mundilole ndiwagwire."

"Ndi a kampani," anayankha a Crispin mouma. Koma mawu akuti ana anu aja anawalowa ndithu.

Anaima pambali, manja kumbuyo, kudikira kuti mwanayu alakwitse. Sanalakwitse. Anayamba wavula wotchi ndi mphete, n'kuvala magalasi ndi magolovesi. Anatsekula chivundikiro cha a Nambala Wani, n'kutulutsa kabokosi kakuda konga ka machesi akulu aja, kokhala ndi timawaya. Tiwiri anamangirira kumapeto a batire, uku ndi uku. Kachitatu anakalowetsa pakati pa tizipinda, ati komvera kutentha. Kenako anaboola kachibowo pamwamba pa kachipinda kapakati, n'kulowetsamo kandodo kowonda.

Poboolapo a Crispin anatseka maso.

"Sakumva kuwawa, bambo," anatero Tikhala akuseka. "Kandodoka kakakhudza madzi, kagetsi aka kamayaka mobiriwira. Madzi akatsika, kamafiira. Ndiye kabokosika kamalankhula ndi bokosi lina limene ndipachike pakhoma apo, nalo limatumiza zonse ku foni yanga ndi ya bwana."

"Popanda waya?"

"Popanda waya."

"Ndiye kuti kakazitape."

"Mboni, bambo. Kazitape amawonjezera zake. Aka sikadziwa kuwonjezera."

Pofika madzulo, mabatire onse atatu anali ndi timabokosi take, tikuphethira mobiriwira. Tikhala anabwerera ku Blantyre. A Crispin anatsala akutiyang'ana m'mbali, monga mmene munthu amayang'anira mlamu amene wabwera kudzakhalitsa.

Koma mtima wa a Crispin ndi wosachedwa kufewa. Sabata yachiwiri kunagwa chiperoni, kamvula kamawawa kaja kosaleka, kozizira mpaka m'mafupa. Fokolifiti ya a Nambala Thuu ndiyo inkatuluka panja kukakweza matumba m'malole, ndipo chivundikiro chake chinali ndi mpata. A Crispin atasuzumira anapeza kabokosi kaja kali ndi timadontho ndi fumbi la tiyi. Anamva chisoni. Kazitape kapena mboni, kanali kamlendo, ndipo mlendo sasiyidwa pamvula. Anatenga bakuli lawo lachitsulo, kulikulunga m'mbali ndi mphira wa tchubu cha njinga kuti lisagunde mawaya, pakuti pa zimenezo anali katswiri, n'kuvundikira kabokosiko bwinobwino.

Patapita masiku atatu bwana Gordon anatulukira ali thukuta kamukamu, chiperoni chonsecho, foni ili m'mwamba.

"A Crispin! Nambala Thuu wasiya kulankhula! Mwachita chiyani?"

Atatsekula n'kupeza bakuli, bwana anangoti kukamwa yasa. Anamuimbira Tikhala pomwepo, n'kukweza mawu a foni kuti aliyense amve. Tikhala atamva nkhani ya bakuli anaseka mpaka kutsokomola.

"Chitsulo chimatsekereza mawu ake, bwana. Chotsani bakulilo basi. Kabokosiko sikaopa mvula, ndipo kamasunga zonse m'mutu mwake, katiuza zimene tinaphonya. Muwauze bambowo kuti zikomo pokafunditsa."

Bwana Gordon sanaseke nawo. Anawayang'ana a Crispin kuyambira kumutu mpaka ku magambuti. "Munthu wosalakwa satseka mboni pakamwa," anatero, n'kumapita makiyi ali jegejege.

Madzulo a tsikulo nkhani inali itafika kale kumalaini, kunyumba za antchito. Ati a Crispin anagwidwa akupha makina a kampani kuti asawaulule. Mayi Fainess anabwera kuchokera kumjigo maso ali psuu.

"Amayi anzanga andifunsa ngati madzi a pamjigo tiyambenso kugulitsa," anatero akutula ndowa mwamphamvu. "Inu bambo ake Olivia, kodi munabadwa bwanji? Chinthu chabwera kudzakuchotsani ntchito, inu n'kuchifunditsa? Chifundo chinapha nkhwali!"

Chimene chinkawawawa kwambiri a Crispin n'chakuti bakulilo bwana anapita nalo ku ofesi ngati umboni, ndipo linali bakuli labwino.

Mwezi unatha. Tikhala anabweranso, ndipo bwana Gordon analamula kuti mlandu ukambidwire pomwepo pamalo otchajira, pamaso pa mabatire. Anaika tebulo pafupi ndi benchi lomwera tiyi. Madalaivala atatu anali pantchito chakumkati, mafokolifiti akulira uku ndi uku. A Crispin anavala malaya awo a kutchalitchi m'kati mwa ovolosi, kuti ngati n'kuchoka achoke ooneka bwino. Nthawi inali itatsala pang'ono kukwana teni koloko.

Tikhala anatsekula laputopu. "Tiyambe ndi madzi," anatero.

A Crispin anagwira m'mphepete mwa benchi.

"Mzere uwu ndi wa madzi a Nambala Wani. Uwu wa Thuu, pamodzi ndi masiku a bakuli aja. Uwu wa Firii. Mukuona pamene patsika?"

Bwana Gordon anayandikira, kuvula magalasi, kuvalanso. "Sindikuona."

"Chifukwa palibe. Masiku makumi atatu, kagetsi sikanafiirepo ngakhale kamodzi. Bwana, ine timabokositi ndaika m'mafakitale a shuga, a fodya, a sopo. Sindinaonepo mabatire omwetsedwa bwino chonchi. Ndasuzumiranso ndekha m'tizipinda tonse m'mawa uno, m'kati ndi moyera, mopanda litsiro la madzi achabe. Ndipo zoterozo si za mwezi umodzi, ndi za zaka. Amene ananena kuti bambowa amagulitsa madzi akapepese."

Ha! A Crispin anamva ngati wina wawatula thumba la tiyi limene analisenza mwezi wathunthu. Misozi inalengeza, iwo n'kunamizira fumbi. Ankafuna kuthamanga mpaka kumjigo, kukaima pamwamba pa simenti n'kuitana amayi onse aja mmodzimmodzi.

"Nanga chikupha mabatire anga n'chiyani?" anafunsa bwana Gordon, ngati wakhumudwa kuti wakuba wasowa.

"N'chimene chandizunguza mutu," anatero Tikhala, n'kutsekula tsamba lina. "Batire la mtundu uwu limafuna kugwira ntchito tsiku lonse, madzulo lidye kamodzi mpaka kukhuta, kenako lipume lizizire. Koma taonani timinga iti pamzerewu. Tsiku lililonse, teni koloko m'mawa, mabatire onse atatu amalowa pa tchaja mphindi khumi ndi zisanu zokha, n'kuchotsedwa. Firii koloko masana, chimodzimodzi. Kudya kolawalawa kumeneku kumalitenthetsa batire. Ndiye poti masana lalawa, madzulo muvi wa mphamvu pa fokolifiti umaonetsa ngati likadali ndi mphamvu, masiku ena osalitchaja n'komwe. Mwezi wonsewu Nambala Firii wakhuta kanayi kokha. Kodi teni koloko pamachitika chiyani pano?"

Asanayankhe munthu, belu la tiyi linalira.

Ndipo abale, zinachitika ngati zochita kukonza. Mafokolifiti atatu anatulukira pakati pa milu ya matumba, pamzere ngati ana a sukulu, n'kudzaima aliyense pa tchaja yake. Madalaivala anadumpha. Peterson anasomeka chingwe chake cha tchaja, Malizani chake. Womaliza anali Lestina, mayi wa ana awiri amene anathyola tiyi m'munda zaka khumi asanaphunzire kuyendetsa, ndipo anali asanathe miyezi yake yoyesedwa. Anasomeka chingwe, kusisita fokolifiti yake pambali, n'kunena mokweza ndi chimwemwe chonse:

"Imwani tiyi, a Nambala Firii, mwagwira ntchito!"

Foni ya Tikhala patebulo inalira katatu. Tii. Tii. Tii.

Malizani, amene anali atatulutsa kale chinangwa chake chophika, anachibweza m'thumba pang'onopang'ono.

"Tiyi?" anatero bwana Gordon. Anaimirira. "Tiyi! Mabatire anga akufa chifukwa akumwa tiyi? Iwe Lestina, bwera kuno!"

Lestina anabwera akupukuta manja m'chitenje chimene anamanga pamwamba pa ovolosi.

"Mayi injiniya, ndi batire liti lawonongeka kwambiri?" anafunsa bwana Gordon.

Tikhala anazengereza, koma mizere inali poyera. "Nambala Firii. Limeneli limalowanso pa tchaja nthawi ya nkhomaliro."

"Ndimawamvera chisoni, bwana," anatero Lestina. "Ndi amene amakweza matumba pamwamba penipeni."

"Chisoni! Kampani inakutenga m'munda kuti uzimvera chisoni zitsulo? Dengu lako lothyolera tiyi likadalipo? Chifukwa Lolemba ukubwerera komweko."

Tsono apa mpamene panali nkhani. A Crispin anali atayera kale. Dzina lawo linali litabwerera m'manja mwawo, lotsukidwa bwino, pasanathe ndi mphindi zisanu. Akanangokhala chete, kumwa tiyi wawo, miyezi isanu ndi itatu n'kutha, nyimbo pachipata n'kuimbidwa. Peterson ndi Malizani anali atazolika, ndipo zinkaonekeratu kuti satsekula pakamwa. Lestina naye sanawayang'ane n'komwe a Crispin. Anangoyang'ana pansi, kuvomera kusenza yekha. Kusawayang'ana kumeneko n'kumene kunawapyoza mtima.

Anaimirira, mawondo akulira.

"Bwana, mwanayu musiyeni. Tiyi ameneyu anayambitsa ndine."

"A Crispin, khalani pansi. Inu nkhani yanu yatha."

"Sinathe. Kale tinali ndi tchaja imodzi, kuseri uko, mabatire ankadya mosinthana madzulo. Zaka zitatu zapitazo munabweretsa matchaja atsopanowa, aliyense yake, n'kuwaika pano pafupi ndi benchi. Tsiku loyamba ndinakhala apa ndi kapu yanga, a Nambala Wani ali apo akundiyang'ana, mbale yawo, tchaja ija, ili pambali. Tiyi anakana kutsika. Bambo anga, pamene ankayendetsa ngolo pa esiteti ino atangobwera kuchokera ku Mozambique, ankati ng'ombe imwe kaye, mwini ngolo amwe pambuyo. Ndiye ndinasomeka chingwe. Madalaivala onsewa ndinawaphunzitsa ndine. Lestina tsiku lake loyamba ndinamuuza kuti dalaivala womwa tiyi yekha ndi wopanda mwambo." Anayang'ana mabatire aja. "Madzi sindinabe, bwana. Koma mabatire aja ndinapha ndine. Ndinkayesa ndikuwakonda."

Mawu omalizawo anatuluka mosweka, ndipo ulendo uno sananamizire fumbi.

Bwana Gordon anatsekula pakamwa, ndipo aliyense anadziwa chimene chikubwera. Koma Tikhala, mwana wa ku Kasungu uja, anakhosomola pang'ono.

"Bwana, pepani, ndifunse nawo. Chithunzi chachikulu chili mu ofesi mwanu chija, chimene mwaima pakati pa mafokolifiti atatu mutanyamula kapu, pansi pake palembedwa za ukhondo ndi dongosolo pantchito. Chinajambulidwa nthawi yanji?"

Bwana Gordon anatseka pakamwa paja.

"Chifukwa ndinachiyang'anitsitsa m'mawa uno," anapitiriza Tikhala mwaulemu wonse, "zingwe zonse zitatu n'zosomeka, ndipo wotchi ya pakhoma ikuoneka bwino."

"Teni koloko!" anafuula Malizani, amene pakamwa pake panatseguka mwadzidzidzi. "Ndinajambula ndine! Bwana anati tiziimika chonchi masiku onse, zimaoneka zaudongo alendo akabwera!"

Peterson anayamba ndiye kuphulika ndi kuseka. Kenako Malizani. Lestina anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, kaya kulira kaya kuseka, mwina zonse. Bwana Gordon anayang'ana kudenga, anayang'ana makiyi awo, ndipo pamapeto pake, poti nawonso ndi munthu, anaseka kamodzi kokha, mwa mphuno.

"Ndiye kuti tonse tinawaphika tiyi ameneyu," anatero. "Chotsani zingwezo. Lestina, bwerera pa fokolifiti yako. A Crispin..." Anakanda m'mutu. Kupepesa kwa mabwana kumavuta kutuluka, kumachita kuzungulira kuseri. "Bakuli lanu lili ku ofesi. Mukalitenge. Ndipo Lachisanu pamsonkhano wa antchito onse ndidzanena ndekha za madzi zija."

Tikhala asanapite anatenga foni ya a Crispin, yong'aluka pakona, n'kuikamo zoti timabokosi tija tizilankhulanso ndi iwo. Anawaonetsa pokanikiza: apa madzi, apa kutentha, apa ngati batire lakhuta. Anawalembera papepala malamulo awiri okha, oti batire lidye kamodzi madzulo mpaka kagetsi ka tchaja kabiriwire, ndipo madzi azithiridwa likatha kudya.

"La madzilo ndimalidziwa," anatero a Crispin.

"Ndikudziwa kuti mumalidziwa, bambo. Ndalembera amene adzabwere inu mukapuma. Mudzamuphunzitse ndinu."

"Nanga a Nambala Firii achira?"

"Mphamvu zonse sizibwerera. Koma akamakhuta madzulo alionse, akuperekezani mpaka tsiku lanu lotsanzika, n'kutsalanso."

Mawa lake belu la teni koloko linalira monga mwa masiku onse. Mafokolifiti anabwera pamzere, pakuti chizolowezi sichifa tsiku limodzi, n'kuima pamalo pake. Dzanja la Lestina linapita lokha pa chingwe, iye n'kulibweza ngati wagwira moto. Madalaivala anakhala pabenchi. Tiyi anathiridwa, chinangwa chinatuluka.

A Crispin anakhala ndi kapu yawo m'manja. Anaiyandikiza kukamwa, n'kuibweza. Kutsogolo kwawo timagetsi titatu tinkaphethira mobiriwira, zingwe zili lende pakhoma. Anayesanso. Tiyi anakana.

Ndiye anaimirira, kupita kwa a Nambala Firii, n'kuvula chipewa.

"Pepani akuluakulu," anatero chapansipansi. "Si kumana ayi. Mudya madzulo, ndipo mudya mpaka kukhuta. Ndikhalapo ndekha."

Anabwerera, kugwira benchi mbali imodzi, n'kuuza Lestina kuti agwire mbali inayo. Analitembenuza kuti liyang'ane kukhomo, kumene minda ya tiyi imaonekera mpaka kuphiri. Onse anayi anakhala atafulatira mafokolifiti, ndipo mpamene a Crispin anamwa tiyi wawo, atazizira kale.